Kalata yotseguka kwa akuluakulu oona za nkhalango ndi magetsi ku Malawi

Olemekezeka Nduna yoona za nkhalango ndi zachilengedwe, Nduna yoona za mphamvu za magetsi, aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndi inu mafumu athu,

Landirani moni kuchokera ku Johannesburg, kumene ambiri mwa ife ana anu tinabwera kudzasaka. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amene sachoka pakamwa panu nyengo yodzala mitengo ikafika, oti Amalawi asinthe kaganizidwe. Akuti nkhalango zikutha chifukwa sitidziwa ubwino wa mtengo. Mawu amenewa ine ndikuwakana, ndipo mboni zanga ndi Amalawi omwewo amene tadzaza ku Diepsloot, Cosmo City, Zandspruit ndi Mayfair. Mtsikana amene wakulira kuteta nkhuni ku Neno akafika kuno, sabata yomweyo nsima akuphikira pa kasitovu ka magetsi ka mapuleti awiri. Palibe amamuitanira ku msonkhano, palibe amamuveka malaya olembedwa uthenga kapena kumupatsa alawansi. Amangopeza soketi pakhoma, n'kuona kuti kuphikira pamenepo n'kosavuta ndipo thumba lake likukwanitsa. Kaganizidwe kake ndi komwe kaja anachoka nako kumudzi. Chasintha ndi chophikira.

Ine ntchito yanga ndi ya m'magadeni a eni ake kumpoto kwa mzinda uno: kutchetcha kapinga, kusadza mitengo, nthawi zina kuthandiza anzathu ogwetsa mitengo ikuluikulu imene yafumbwa kapena yayedzamira denga. Mwini nyumba amalipira kuti tiugwetse, n'kulipiranso galimoto yoti ikataye zipika. Zipika zonenepa zoti munthu sungazikumbatire, zouma bwino, timazikweza ndi thukuta kuti zikatayidwe kudzala. Tikamakweza timangoyang'anana Amalawi okhaokha, aliyense akudziwa kuti kwawo mayi ake adzuka mbandakucha kukafuna tinthambi tokwana kuphikira phala.

Chodabwitsa n'chakuti pamalo pano kale panalibe nkhalango. Golide atapezeka mu 1886, pano panali udzu wokhawokha, mitengo inali yowerengeka. Yambiri yoyambirira anaidzala ofuna mitengo yochirikizira mapanga a m'migodi, momwe muja ankalowa agogo athu a Wenela ndi Theba, ndipo dera ngati Saxonwold linayamba ngati munda wa mitengo. Lero ukaima pamtunda ku Northcliff n'kuyang'ana kumunsi, nyumba zimabisika m'masamba. Anthu a kumeneko sanaphunzitsidwe kukonda mitengo kuposa ife. Mitengoyo inakula chifukwa uliwonse unali ndi mwini wake, ndipo panalibe amene ankauyang'ana ngati nkhuni za mawa.

Tikamapita kumudzi pa basi timadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowa pa Mwanza. Kuchoka pachipata mpaka pa Zalewa, chotilandira ndi matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu, aliwonse atawonjezeredwa chimutu cholukidwa ndi luzi kuti aoneke odzaza. Kuseri kwa matumbawo mapiri angotsala miyala ndi zitsa. Matumba amenewo sakudikira mayi wa kumudzi. Akudikira galimoto yopita ku Blantyre.

Apa ndi pamene ndikufuna tilekanitse zinthu ziwiri zimene m'malankhulidwe anu mumaziphatikiza, nkhuni ndi makala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 77 amaphikira nkhuni, 18 makala, ndipo ophikira magetsi sanapitirire awiri. Munthu akaona manambalawa amathamangira kuloza chala mayi wosenza mtolo. Koma mutsitseni mtolowo muone zili mkati. Mupezamo nthambi zouma, mapesi, zitsononkho, mitengo ya nandolo wokolola kale, mwina ndi kanthambi ka mango komwe kanathyoka ndi mphepo. Mtengo wauwisi alibe nawo ntchito chifukwa sungamuyakire lero, ndipo ana akufuna kudya lero. Iye ndi amene akulipira kutha kwa nkhalango, chifukwa chaka ndi chaka mtunda wokatola nkhuni ukutalika, ndipo m'nyumba zambiri nyemba anasiya kuphika pafupipafupi poopa kuti zimaliza nkhuni za masiku atatu.

Makala ndi nkhani ina. Wootcha makala safuna nthambi, amafuna thunthu, ndipo amasankha mitengo yolimba imene imatenga zaka makumi kuti ikule: muwanga, tsanya, mombo, ngakhale msuku womwe unkatipatsa zipatso. Amaugwetsa wauwisi, kuudula zipika, kusanja, kufundika udzu ndi dothi, n'kuyatsa kuti uzinyeka pang'onopang'ono kwa masiku. Uvuni woterewu umadya nkhuni zolemera makilogalamu 5, pena mpaka 10, kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Zotsalazo zimapita ndi utsi kuthengo komweko. Choncho banja la mutauni lophikira pa mbaula limamaliza mitengo yambiri kuposa banja la kumudzi lophikira pa mafuwa, ngakhale m'khitchini mwake simuoneka chikuni n'chimodzi chomwe. Kafukufuku wa mu 2007 anapeza kuti mizinda yathu inayi, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, inkatha matumba pafupifupi 6 miliyoni pachaka, kuti anthu pafupifupi 93,000 ankadyera m'malonda amenewa, ndiponso kuti makala oposa theka ankachokera m'nkhalango zotetezedwa ndi boma. Kuchokera nthawi imeneyo mizindayo yangokulirakulira. Ogula si a ku Ndirande, Bangwe, Kawale ndi Chibavi okha. Nyumba za mipanda ya njerwa, zokhala ndi mita ya magetsi ndi sitovu yamakono, nazonso thumba la makala silisowa kuseri kwa chitseko.

Sindikuti makala ndi okhawo. Kutsegula minda yatsopano, mauvuni a njerwa ndi nkhuni zochizira fodya zili ndi gawo lake. Koma nkhani ya kuphika ndi ya tsiku ndi tsiku, katatu patsiku, ndipo siidikira nyengo.

Malamulo muli nawo, ndipo ndi okhwima. Lamulo la nkhalango la 1997 linaletsa kale kuotcha makala popanda chilolezo, mu 2020 munalikonzanso n'kukweza zilango, ndipo pali ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027 imene papepala inalembedwa mwanzeru. Mu 2015 munatumiza asilikali ku Dzalanyama, kumene umachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu, madzi omwe inuyo mumamwa ku likulu. Koma aliyense wodzuka m'mawa ku Likuni kapena ku Chinsapo akuuzani kuti njinga za makala sizinaleke kutsetsereka, munthu akukankha matumba atatu kapena anayi, thukuta lili kamukamu, usiku wonse ali pamsewu. Wogwidwa amakhala yemweyo. Amamulanda njinga, yomwe mwina ndi ya ngongole, n'kubwerera kumudzi chimanjamanja, ndipo mawa lake amakagwetsa mitengo iwiri m'malo mwa umodzi kuti abweze zomwe zatayika. Malole odzaza mpaka kumwamba amadutsa usiku, ndipo mmene amadutsira pa zipata palibe Mmalawi wosadziwa. Makala olandidwawo nawo satayidwa. Amagulitsidwanso, n'kukayaka pa mbaula yomwe ija akanakayaka poyamba.

Ndikufunseni mwaulemu, olemekezeka: kunyumba kwanu magetsi akathima madzulo, nsima imapsa ndi chiyani? Ena muli ndi majenereta ndi gasi, ndikudziwa. Koma kafunseni amene amakuphikirani, ndi amene amakuyendetsani pa galimoto, kuti pobwera ku ulendo wa kumudzi kumbuyo amanyamula chiyani.

Nduna yoona za magetsi, nkhaniyi ndi yanu kuposa mmene mumaionera. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mapiri a ku Neno, Mwanza, Ntcheu ndi Balaka akayera, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira m'mitsinje ngati Lisungwi ndi Wamkulumadzi mpaka mu Shire. Matope amadzaza madamu, mchenga umadya makina, magetsi amachepa. Magetsi akathima, wa mutauni amathamangira makala, mtengo wa thumba umakwera, ndipo mnyamata wa ku Neno amene chimanga chake chinapsa ndi dzuwa amanola nkhwangwa. Tinazionera poyera mu Januwale 2022, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Achibale athu ankatiimbira kuti ndalama ya makala tionjezere. Tsiku lililonse limene magetsi athima nthawi yophika chakudya chamadzulo, ndiye kuti mwasayinira kugwetsedwa kwa mitengo, ngakhale nkhwangwa simunaigwire.

Za namondwe Freddy sindikhalitsapo, mabala ake akadali auwisi. Mu Malichi 2023 matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Mvula imeneyo inali yoopsa, ikanaononga ngakhale mitengo ikanakhalapo. Koma phiri lopanda mizu silichedwa kugumuka. Ife kuno tinkasonkha ndalama za maliro pa WhatsApp, ena osadziwa ngati akusonkhera m'bale wopezeka kapena wosapezeka.

Musaganize kuti ndikuti ku Joni kulibe mavuto. M'zisakasa za malata anthu ambiri, Amalawi tili momwemo, amaphikira parafini, ndipo moto ukabuka umanyambita mzere wonse. Mu Juni ndi Julaye kukazizira, anyamata odikira ganyu pamphambano amaotha matabwa otola m'chitini chobooleza. Mu 2023 magetsi ankathima maola ambirimbiri patsiku. Koma taonani zimene anthu anachita magetsi atavuta: sanathamangire kukadula mitengo ya m'misewu, anathamangira gasi. Silinda ya makilogalamu 9 umakasinthitsa pa malo omwetsera mafuta apafupi, ndipo ukakhala ndi kasilinda kakang'ono pali mashopu okuthirira pa sikelo mogwirizana ndi ndalama yomwe uli nayo. Dziko lino mu 1994 linali ndi nyumba imodzi yokha mwa zitatu yokhala ndi magetsi, pano zaposa zisanu ndi zitatu mwa khumi. Kuyambira mu 2003 pali ndondomeko yopatsa mabanja osauka mayunitsi 50 aulere pamwezi. Ambiri oyenera saalandira, ndipo ife alendo sitiwerengedwako n'komwe, koma ganizo lake ndi lomveka: boma linaona kuti wosauka sasiya chophikira chakale chifukwa cha ulaliki. Ndikudziwa kuti South Africa ili ndi malasha ndi chuma chimene ife tilibe, ndipo sindikuti mukopere zonse. Ndikuti mukopere kumvetsa kumeneku.

Chimene chimamangirira mayi wa ku Mbayani ku makala ndi kagulidwe. Makala amagula a m'kajumbo, okwana kuphikira lero, ndi ndalama imene wapeza lero pogulitsa tomato. Gasi amafuna kuti munthu atulutse ndalama ya silinda, ya sitovu ndi ya gasiyo pakamodzi, kenaka akwere minibasi kukafuna kothirira. Mwezi wonse akawerengera mwina makala amudyera zambiri, koma ndalama ya pakamodziyo sanaigwirepo. Ndiye gasi timachita kuitanitsa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ena amene anali atayamba kale gasi anabwerera ku mbaula. Mukamagawa ndalama zakunja zogulira petulo ndi dizilo, gasi wophikira aziwerengedwa pamodzi, asamakhale wotsalira. Lolani ndi kulimbikitsa malo othirira gasi wochepa m'makomboni momwemo, oyenderedwa bwino kuti pasakhale ngozi. Silinda ikhale yobwereka kapena yolipira pang'onopang'ono. Chitetezo mbaula ija munaifalitsa, ndi cholinga chofika mbaula 2 miliyoni pofika 2020, ndi yabwino ndithu, amayi anga amaiyamikira chifukwa nkhuni zimakhalitsa ndipo utsi wachepa. Koma imeneyo ndi ya wophikira nkhuni. Thumba la pa Zalewa siilikhudza.

Pali chinthu china chimene mwina simunachiganizire, ndicho ife amene tili kunja. Mwezi ukatha timaima pamzere kutumiza ndalama pa Mukuru ndi njira zina, ndipo mndandanda wochokera kwa mlongo wanga ku Chilomoni susintha: lendi, ufa, fizi ya ana, makala. Ndiye kuti ndalama imene ndapeza posamalira mitengo ya mwini wake ku Randburg imakathera kugwetsa mitengo ya kwathu. Si ine ndekha, tilipo ambirimbiri. Ena timagulira kale makolo mayunitsi a foni tili konkuno. Bwanji osakonza njira yoti ndizilipira gasi wa mlongo wanga ndili pano, iye n'kungolandira uthenga pafoni n'kukathiritsa? Ndalamayo ingalowe ili yakunja, yomwe mumaisowa yogulira gasi yemweyo. Komanso pa basi timanyamula masitovu a gasi ndi mapoto a magetsi ophikira nyemba mwachangu, amene amadya mayunitsi ochepa kwambiri. Katundu wotereyu asamalipitsidwe msonkho uliwonse pachipata, ndipo zilembedwe poyera pakhoma kuti wonyamula ndi woyang'ana katundu onse aziwerenga zofanana.

Boma liyambe kusesa pakhomo pake. Ndende, sukulu zogonera komweko, zipatala ndi malo ena aboma amaphika m'miphika ikuluikulu ndi nkhuni zobwera pa lole, ndipo nkhuni zimenezo si mapesi. Malo amenewa ali ndi bajeti, ali pamodzi, ndi osavuta kuwasintha kuposa mabanja miyandamiyanda. Munakwanitsa mu 2018 kulamula kuti zomanga za boma zisamagwiritse ntchito njerwa zootcha. Lamulo ngati lomwelo lifike kukhitchini.

Ndipo tivomereze kuti makala sadzatha chaka chino kapena chamawa. Kuno makala amagulitsidwa m'mashopu poyera, m'matumba a pepala olembedwa dzina la wopanga. Ambiri amachokera ku Namibia, kumene amaotcha zitsamba za minga zimene zalanda malo odyetsera ziweto, ndipo nkhuni zina ndi za mitengo yachilendo ngati wattle imene boma lino lakhala likulipira anthu kuti aziidula kuyambira mu 1995 chifukwa imamwa madzi. Wogula amadziwa kochokera, boma limatolera msonkho, wootcha sathawa munthu. Kwathu lamulo limalola makala a chilolezo, ndipo a Kawandama Hills ku Viphya anaonetsa kuti n'zotheka kuotcha makala a mitengo yodzala. Koma ndi midzi ingati imene ili ndi chilolezo chimenechi? Njira yochipezera inapangidwira kampani yokhala ndi galimoto ndi wolemba mapepala a Chingerezi, osati gulu la anyamata a kwa mfumu yakuti. Tsitsani chilolezocho chizipezeka kwa DC, kwa gulu limene lili ndi malo ake odzala bulugamu kapena nsungwi, kapena nkhalango ya m'mudzi yodulidwa mosinthanasinthana magawo. Aphunzitseni mauvuni osataya nkhuni zambiri. Makala awo akhale ndi chizindikiro, azidutsa pa zipata opanda kupereka kangachepe, kuti atchipe kuposa makala opanda chilolezo. Bola ndalama imene pano ikuthera m'matumba a anthu pamsewu izilowa m'thumba la mudzi.

Mafumu athu, ndakusungirani mawu awa chifukwa inu muli ndi umboni umene a m'maofesi alibe. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati ndi kumwera, munthu ukaona kagulu ka mitengo yachilengedwe kali bii pakati pa minda, sufunsa, umadziwa kuti ndi kumanda. Kumeneko kulibe mlonda wa mfuti kapena waya. Kuli mwini, kuli lamulo lodziwika, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi anthu omudziwa. Nkhalango ya boma anthu amaiona ngati ya aliyense, ndiye amathamangira kudula asanadule mnzawo. Mmene linathera phiri la Ndirande m'zaka za m'ma 1990 ndi mmene anathera Chikangawa, munda wa paini wa mahekitala 53,000, ndi nkhani imodzi. Lamulo limakulolani kukhala ndi nkhalango ya m'mudzi ndi komiti yake. Boma likupatseni umwini weniweni, wolembedwa, woti uchi, bowa, masuku ndi nkhuni zouma za mmenemo ndi zanu, osati kukuitanani pa tsiku lojambulitsa lokha.

Monga munthu wogwira mitengo tsiku ndi tsiku, ndikuuzeni kuti mitengo ya kwathu ija siifa msanga. Chitsa cha mombo kapena msuku chimakhala ndi mizu yakuya kale, ndipo mvula ikagwa chimatulutsa mphukira zambiri. Ukasankhapo ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo n'kuzisadza, m'zaka zochepa umakhala ndi mtengo umene mbande ya m'chubu singaupeze. Zosadzazo ndi nkhuni za mayi uja. Adani ake ndi awiri, mbuzi ndi moto wa mu Seputembala ndi Okutobala umene amayatsa osaka mbewa. Kulambula njira zotchinga moto ndi kulipira anthu ochepa oyang'anira n'kotchipa kuposa machubu mamiliyoni, koma kulibe mwambo wake, kulibe nduna yogwira khasu latsopano pamaso pa makamera, ndiye sikukopa.

Chaka chilichonse pakati pa 15 Disembala ndi 15 Epulo timamva za mitengo mamiliyoni imene yadzalidwa, ndipo mu 2016 munalonjeza dziko lapansi kuti pofika 2030 mudzakhala mutabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni. Ine bwana wanga akandipatsa mbande khumi, sandifunsa kuti ndakumba maenje angati, amabwera patapita miyezi kudzaona zimene zagwira. Chitani chimodzimodzi. Kumapeto kwa Okutobala, dzuwa loswa mtengo litadutsa, tumizani alangizi akawerenge imene ili moyo, boma ndi boma, ndipo Nduna ikawerenge manambalawo m'Nyumba ya Malamulo. Tsiku lomwelo inenenso zinthu izi: ndalama zimene banja la mutauni limatha pamwezi likaphikira makala, likaphikira gasi, ndi likaphikira magetsi, komanso kuti ndi malole angati a makala, osati njinga, amene eni ake afika kukhoti chaka chimenecho.

Ine mwana wanu,
Mmalawi wogwira ntchito m'magadeni ku Johannesburg